Khadi la Lolo Ambo

"Ndiye wasankha kati, Marivic?" Madamu Perla anafunsa chikwama chili kale paphewa. "Sabata yatha unati ukuganiza. Lero ukuganizabe. Maganizo akowo akanakhala mwana bwenzi atamera mano."

Marivic Tupas anatembenuza kompyuta kuti abwana akewo aone. Ofesi yawo inali kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya mankhwala ku Jaro, mumzinda wa Iloilo, ndipo ntchito yawo inali yotumiza amayi m'makomo kukasamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwamwetsa mankhwala. Ulendo uliwonse unkalembedwa ngati khadi mu pulogalamu yogawira ntchito, ndipo wosamalira aliyense ankaona makhadi ake pa foni. Akamaliza ankatseka khadilo, n'kusanduka lobiriwira.

Pulogalamuyo payokha inali youma ngati nsomba ya padzuwa. Koma makampani ena ankapanga timapulogalamu tolumikizako, ndipo Marivic, atayesa tambirimbiri, anatsala ndi tiwiri. Koyamba kanali ka mapu. Kankaonetsa pamene wosamalira aliyense ali, kankapanikiza makhadi ambiri pamalo amodzi ndi tizilembo topyapyala totuwa, ndipo khadi linkatsekedwa ndi kungokhwekhwereza chala. Likangotsekedwa linkachoka pa foni ya wosamalira, ndipo uthenga unkapita wokha kwa ana a wodwalayo kulikonse kumene ali. Kachiwiri kankakulitsa zilembo, kankawerenga khadi mokweza, ndipo kankafunsa kawiri munthu asanatseke. Koma mapu kanalibe, uthenga sikankatumiza. Ukatiika tonse pamodzi tinkakangana, foni n'kuuma gwa.

"Ka zilembo zazikuluka n'kabwino kwa amayi athu achikulire," Marivic anatero.

"Amayi athu achikulire si amene amandiimbira. Amandiimbira ndi ana a odwala, wina ali ku Canada, wina ku Kuwait. 'Kodi bambo adya? Kodi mayi asamba?' Ndatopa kuyankha. Ika ka mapuko, tikayese mpaka kumapeto kwa mwezi."

Marivic sanalimbane nawo. Kunena zoona, nayenso ka mapuko kanali katamukopa. Pa kompyuta yake kankaoneka bwino kwambiri, ngati munda wolimidwa ndi chingwe.

M'mawa mwake Nang Saling, mmodzi wa osamalira aja, anakwera masitepe akupumira m'mwamba, ambulera ikudontha madzi. Anali mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wa mikono yolimba. Ndi iwo amene anaphunzitsa Marivic ntchito ali mtsikana: kutembenuza munthu wogona osamupweteka, kusambitsa bambo wamkulu osamuchititsa manyazi. Msana utamuvuta Marivic n'kumuika muofesi, Nang Saling anapitirizabe kumutcha Inday, monga amatchulira mwana wamkazi wa pakhomo.

"Inday, wandiikira chiyani mufonimu?" anafunsa akuiponya patebulo. "Dzulo munali mawu. Lero muli nyerere zakufa."

"N'kapulogalamu katsopano, Nang. Taonani mmene kakukongolera."

"Chikomekome cha mkuyu. Ine ndikufuna kudziwa kumene ndikupita, osati kukongola. Kukongola ndinasiya kalekale, funsa malemu amuna anga."

Marivic anaseka, n'kuwakokera mpando. Anawaonetsa podina kuti khadi litseguke, ndi mokhwekhwerezera chala kuti litseke. Nang Saling anaiyandikiza foniyo kumphuno, kenako n'kuitalikitsa, n'kupukuta magalasi awo ndi nsonga ya malaya.

"Sungazikulitseko pang'ono zilembozi?"

"Kameneka sikalola, Nang. Koma muzolowera. Ndi mwezi uno wokha."

"Chabwino. Anthu anga ndimawadziwa ndi mtima. Lolo Ambo sangandisowe, amandidikira ngati mvula."

Lolo Ambo, ndiko kuti Agogo Ambo, anali mkulu wina wa ku Molo, kale mmisiri wokonza mawotchi, amene ankakhala yekha chimwalirire akazi ake. Mwana wake mmodzi yekhayo, Arlene, anali namwino ku Kuwait. Miyendo ya mkuluyo inkanjenjemera, ndipo sankaloledwa kulowa yekha m'bafa. Nang Saling ankapitako masana ena, malinga ndi mmene khadi lanenera, chifukwa masiku ena mdzukulu wa mlongo wake ankabwera kudzamuona, ulendo wa tsikulo n'kuchotsedwa.

Masiku otsatirawo foni ya muofesi inakhala chete. Madamu Perla ankalowa akuimba. Marivic anayamba kudya chamasana atakhala pansi, chinthu chimene anali ataiwala kukoma kwake. Kawiri konse Nang Saling anamuimbira kuti awawerengere khadi, ndipo kachiwiriko Marivic anayankha mofulumira, maso ali pa zina. Atadula anamva kuti mawu ake anali olimba, koma anati adzapepesa akakumana.

Lachinayi kunagwa mvula tsiku lonse. Pofika masana makhadi ambiri anali obiriwira, ndipo Marivic anatsika kukadya batchoy, msuzi wotentha wa nyama, pakona. Atabwerera, foni inalira. Anali mayi woyandikana nyumba ndi Lolo Ambo.

"Kodi ndi kuofesi kwa osamalira aja? Lero simunatumize munthu bwanji? Mkuluyu tamupeza pansi m'bafa. Wakhala akuitana kuyambira kalekale, koma ndi mvulayi ndani akanamva?"

Marivic anayang'ana pa kompyuta. Khadi la Lolo Ambo linali lobiriwira. Analitsegula. Linali litatsekedwa m'mawa, nthawi ya ulendowo isanakwane n'komwe. Anadina mapu, amene tsiku lonselo sanawayang'ane chifukwa mtundu wobiriwira unkamukwanira. Kadontho ka Nang Saling kanali kwawo, ku La Paz.

Marivic anawaimbira Nang Saling iye ali m'jipini, minibasi ya kumeneko, akupita kuchipatala.

"Nang, lero munayenera kukhala kwa Lolo Ambo."

"Ayi, Inday. Khadi lake palibe. Ndayang'ana kangapo. Ndinati mdzukulu uja wabwera."

"Munalitseka m'mawa."

Nang Saling analankhula pang'onopang'ono. "M'mawa ndinali m'jipini. Ndimafuna kutsegula la kwa mayi a ku Mandurriao, jipini n'kugwedera... Inday, wachita chiyani Lolo?"

"Wagwa m'bafa."

Marivic anamva kanthu kakugwa pansi kumbali inayo, mwina mbale.

Madokotala anati fupa la m'chiuno linali litathyoka. Lolo Ambo anagona pabedi atachepa ngati mwana, milomo itauma. Ataona yunifolomu ya Marivic anayesa kudzutsa mutu.

"Saling wadwala?" anafunsa. "Sanabwere. Ndinati ndisambe ndekha, asandipeze ndikununkha."

Marivic anangomukonzera chofunda.

Arlene anaimbira Madamu Perla ali pomwepo m'khonde la chipatala, ndipo mawu ake ankamveka ngakhale kwa Marivic.

"Ine ndalandira uthenga woti bambo anga asamba ndipo adya! Ndinauonetsa anzanga kuno, ndikunyadira kuti ndinapeza anthu abwino. Nthawi imeneyo bambo anga anali okha! Inu mukunditumizira bodza lokutidwa bwino?"

Madamu Perla anapepesa mpaka mawu anawathera. Atadula anatsamira khoma, nkhope itagwa.

"Saling ayambe wakhala kunyumba," anatero.

"Madamu, iwo anandiuza kuti zilembo sakuziona. Ine ndi amene sindinamve. Komanso kapulogalamuka kamatseka khadi osafunsa."

"Enawo akuwerenga bwanji? Usandiuze za kapulogalamu, Marivic. Mpeni ukacheka chala, sutaya mpeni." Anapukuta m'maso. "Ukuganiza kuti ine zikundisangalatsa? Saling ndinayamba naye ntchitoyi tilibe ngakhale mpando. Koma Arlene akalemba nkhaniyi pa intaneti, tonse tikagulitsa nthochi. Lolemba m'mawa tikhale pansi, titseke nkhani ya timapulogalamuti. Ubwere ndi mfundo zako."

Loweruka Marivic anapita ku La Paz atanyamula tibuledi totentha m'pepala. Nyumba ya Nang Saling inali kumapeto kwa kanjira kodzaza madzi, moti anayenda pamatabwa. Anawapeza atakhala pafupi ndi zenera, mayunifolomu awo atapindidwa bwinobwino pampando.

"Ukawapatse Madamu amenewo," anatero asanamulonjere n'komwe. "Ndawachapa."

"Nang, sanakuchotseni ntchito. Lolemba ndikawauza kuti tisinthe, tiike ka zilembo zazikulu kaja. Kamawerenga kokha mokweza. Mudzangomvetsera."

"Khala pansi, Inday. Umwe khofi."

Anatenga ketulo n'kuyamba kuthira. Khofiyo anagwera pambali pa kapu, n'kuyenderera patebulo. Nang Saling anapitiriza kuthira mpaka anamva kudontha pansi. Anaimika ketulo, n'kufufuza kapuyo ndi zala.

Apo m'pamene Marivic anawayang'anitsitsa, kuwala kwa pazenera kukuwaomba kumaso. Pakati pa diso lamanja panali poyera ngati madzi otsukira mpunga. Lamanzere nalo linali litayamba.

"Nang... kuyambira liti?"

"Chaka chatha. Ndi ng'ala." Anakhala pansi mwakachetechete. "Nyumba za anthu anga ndimaziyenda ndi mapazi. Mabotolo a mankhwala ndinawamanga timphira kuti ndiziwasiyanitsa. Pulogalamu yakale ija ndinkaidziwa pamene chilichonse chili, ndinkangodina mwa chizolowezi. Iwe utasuntha zinthu, ndinatsala pamtunda."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuza theka. Theka linalo ndinaopa. Ndani angalole munthu wosaona kumwetsa mayi ake mankhwala? Iwe ukanalola?" Anamwetulira pang'ono. "Usadzisenzetse katundu yense, Inday. Kapulogalamu kako kanangothamangitsa tsiku limene linali m'njira kale. Koma likanandigwera ine, osati Lolo. Munthu uja amandisungira mango m'thumba la malaya."

Marivic analira, ndipo anali Nang Saling amene anamusisita pamsana.

Atakhala pang'ono anamuuza kuti kuchipatala cha boma anawalembera tsiku loti akawaone maso, mwina n'kuwachita opaleshoni. Anali atalephera kale kawiri, chifukwa amafuna munthu wokuperekeza, ndipo mwana wawo anali panyanja, pa sitima yonyamula katundu. Kuuza wina kukanakhala kuulula.

"Tsiku lake ndi liti?"

"Lolemba m'mawa. Koma lisiye, uli ndi msonkhano."

Lamlungu Marivic anakhala akulemba ndi kufufuta. Pomaliza anatumizira Madamu Perla uthenga wautali. Anafotokoza kuti mwa amayi awo ambiri ndi achikulire, kuti ena amawerengeredwa makhadi ndi ana awo koma sanena, kuti kapulogalamu kotseka khadi osafunsa kadzagwetsanso munthu wina. Anati mauthenga opita kwa ana a odwala angathe kumawatumiza yekha ndi manja, ngakhale zitamutengera madzulo onse. Za maso a Nang Saling sanatchule. Anamaliza ndi kupepesa kuti Lolemba afika mochedwa.

Lolemba Marivic ndi Nang Saling anafika kuchipatala cha boma kukucha, koma anapeza mabenchi atadzaza kale. Mvula inkawaza m'khonde, anthu atapinda miyendo. Nang Saling anavala diresi lawo la kutchalitchi, ndipo ankagwira chikwama ndi manja onse awiri.

Dzuwa litakwera, foni ya Marivic inanjenjemera. Unali uthenga wa Madamu Perla. Anati mfundo zake aziwerenga ndipo n'zomveka, koma ana ena a odwala atamva za ngoziyo akufuna mapu kuposa kale, kuti azidzionera okha. Choncho asankha ka mapu, alembetsa chaka chonse. Amene zilembo zikuwavuta agule magalasi. Pansi pake anawonjezera kuti Arlene wasankha zoti bambo ake akatuluka m'chipatala apite kunyumba yosungirako okalamba ku Pavia, sadzabwereranso ku Molo.

"Ndi Madamu?" Nang Saling anafunsa. "Akuti chiyani za Lolo?"

Marivic anaganiza zonama, koma mabodza okutidwa bwino anali atamukwana.

"Akupita kosungira okalamba, Nang."

Nang Saling anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Sadya phala la mpunga likakhala ndi anyezi," anatero. "Wina akawauze."

"Ndikawauza."

Namwino anatulukira pakhomo n'kuitana dzina lawo. Nang Saling anaimirira msangamsanga, nakonza diresi, n'kuyamba kulowera kukhomo lina, lopita kochapira. Marivic anaika foni m'chikwama, anawagwira pachigongono, n'kuwatembenuza.

"Kuno, Nang. Pali sitepe. Kwezani phazi."