Eliness Analoza Nyumba ya Apongozi

Eliness anangobwera kudzagula mchere, koma maso ake anakakamira pa zala za Salimu, mwini golosale wa ku Mangochi amenenso amatapitsa ndalama za pafoni pa Kaporo. Salimu ankawerengera Lettie, mlamu wake wa Eliness, ndipo kuwerengako sikunkatha.

"Zakwana K120,000, mayi," anatero Salimu. "Boma likukudziwani bwino inu. Anzanu onse lero atapa K70,000."

Lettie anakulunga ndalamazo pansonga ya chitenje n'kutuluka mwachangu.

Madzi osefukira anakokolola mpunga wa onse awiri, ndipo boma linkatumiza ndalama za chithandizo pafoni kwa okhudzidwa. Eliness, mayi wamasiye wa ana anayi, foni yake sinalire ngakhale kamodzi. Lettie, mlongo wa malemu mwamuna wake, amene ukwati unamukanika n'kubwerera kwawo ndi mwana mmodzi, ndiye analandira zoposa aliyense. Ndipo matope ankauma. Amene sagula mbewu sabata imeneyo sakanabzalanso chaka chimenecho.

"Mchere uja mukufunabe, mayi?" Salimu anafunsa Eliness.

"Usiyeni. Ndiutsira m'chiyani?"

Kunyumba Eliness sanakhazikike. Nyumba zawo zinali pabwalo limodzi, moti ankaona zonse. Lettie atakazinga usipa, Eliness anamva fungo la K120,000. Mwana wa Lettie atadutsa atavala masilipasi, Eliness anawayang'ana mpaka anatsimikiza kuti ndi atsopano, ngakhale lamba wina anali womanga ndi waya.

M'mawa mwake anapita kwa a Gregory, wapampando wa komiti yolemba maina, amene ankakhala ndi kaundula pakhonde la tchalitchi.

"Ndaga, mayi Eliness," anatero a Gregory, kupereka moni wa Chinkhonde. "Kwagwanji m'mawa muno?"

"Ine sindikonda kunena za anthu, bambo."

"Onse amene amabwera pano amayamba choncho. Nenani."

Eliness ananena zonse, n'kuwonjezera kuti mwina pali wina m'komitimo amene Lettie amaseka naye bwino. A Gregory sanaseke. Anatumiza uthenga kuti Lettie abwere, kenaka anatsegula kaundula n'kuyendetsa chala.

Lettie anafika m'manja muli thovu la sopo. Ataona mlamu wake pabenchi, anaima chilili.

"Lettie, pakhomo panu muli anthu angati?" anafunsa a Gregory.

"Awiri, ine ndi Towera."

"Apa palembedwa asanu ndi awiri. Khomo lopitirira anthu asanu limalandira K120,000." Anawerenga maina: Lettie, Towera, kenaka Eliness ndi ana ake onse anayi.

Eliness anadzuka. "Ine? Ndalowamo bwanji m'khomo la mwini?"

"Tsiku lolemba ndinalipo. Mtsikana wa ku boma uja anakufunsani m'Chichewa kuti banja lanu ndi liti. Inu munaloza kuti?"

Eliness anakumbukira. Analoza nyumba ya njerwa ya malemu apongozi ake, imene Lettie amagonamo tsopano. Akanalozanso kuti? Mkazi wokwatiwa pamudzi angaime pabwalo la apongozi n'kunena kuti banja lake ndi lina? Kumeneko n'kutukwana. Koma mlembiyo ankafunsa za anthu ogona denga limodzi, basi.

"Ndiye kuti K50,000 yapamwambayo ndi ya ana anga," anatero Eliness, mawu atafewa. "Chabwino, mlamu angondipatsa, nkhani yatha."

"Mukanabwera nonse awiri kudzafunsa, tikanaona pothandizira," anatero a Gregory. "Koma inu mwabwera ndi dandaulo, ndipo ndalilemba kale, nambala yake iyi. Pamene pali dandaulo, zoonjezera zimabwezedwa kaye. Khomo la Lettie ndi la anthu awiri. Lanu lilembedwa palokha ulendo wotsatira."

"Liti?"

"Miyezi itatu, zikayenda bwino."

Lettie anamasula nsonga ya chitenje. K50,000 inali payokha, yomangidwa ndi ulusi.

"Sindinaikhudze," anatero. "Ndinkaopa kuti adzaifuna eni ake. Ndinati ndikufunseni dzulo madzulo, mlamu, poti inu sukulu munapitako. Ndinakupatsani moni kawiri, inu n'kulowa m'nyumba."

Anapita onse kwa Salimu kukabweza, chifukwa a Gregory anati wodandaula asayine ngati mboni. Salimu anawerenga ndalamazo pang'onopang'ono, n'kupukusa mutu.

"Zaka zisanu ndi zitatu ndili pano, sindinaonepo munthu wobwezera boma. Asayina ndani?"

Eliness anasayina. Cholembera chinakana, mpaka anachita kuchikhutcha pakauntala.

Sabata imeneyo Lettie anagula mbewu ya mpunga wa Kilombero n'kubzala munda wake. Imene inatsala, theka la ndowa, anaisiya pakhomo la Eliness osagogoda. Inakwana ngodya imodzi ya munda. Kwinako kunamera udzu, ndipo ng'ombe za anthu zinadya bwino chaka chimenecho. Moni amapatsanabe, koma wachidule.

Tsono inu, mukaona mnzanu walandira zoposa zanu, musathamangire kukomiti mtima uli pakhosi. Pitani kaye pakhomo pake mukafunse kuti zakhala bwanji. Mafunso awiri okha, osati msonkhano.