Jekete ya ku Khola la Madamu

Ovolosi yachitatu inali ikadali m'beseni pamene munthu anagogoda pageti. Mzime wa m'nyumbamo anali ataichapa kawiri, koma akainunkhiza ankamvabe khola: udzu wonyowa, mkodzo, zipatso zowola. Panali patatha masiku anayi chiikire bambo ake m'manda, ndipo apongozi ake anali akadali pabalaza, kudzakhala ndi ofedwa.

Wogogodayo anali bambo wamfupi, makiyi ali mulu m'chiuno. Amayi a mzimeyo anamuzindikira kuti ndi mnzawo wa malemu wa kuzuu, kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo anamulowetsa.

"Sindikhalitsa, mayi," anatero wamakiyiyo. "Ndabwera chifukwa cha Madamu."

"Madamu ake atinso?" anafunsa apongozi, makutu ali tcheru.

"Nyani, mayi, musaope. Nyani wamkazi wokalamba. Chichokere anzathuwa sanalawe kanthu. Adokotala akuti tiyese chovala chawo chosachapa, mwina fungo lingamunyenge. Apo ayi, sabata ino satha."

"Kani madokotala analipo awiri?" anatero apongozi. "Paja malemuwa ndiwo anali adokotala a nyama."

Wamakiyi anayang'ana makiyi ake ngati akuwaona koyamba. "Nyamazo ankazidziwa kuposa tonsefe," anayankha motsitsa.

Mzimeyo anali pakhomo la kukhitchini, thovu likuuma m'manja. Bodza la udokotalalo analiphika yekha zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ukwati uli pafupi, ataona nyumba ya kwawo kwa mwamuna wake ndi mipando yake yosakhalidwa. Bambo ake akatchulidwa kuti adokotala ankangogwedeza mutu, manja atabisa pansi pa tebulo.

"Funsani uyo," anatero amayi osamuyang'ana. "Ndiye wachapa zonse. Anayamba misozi isanaume, ati alendo anganunkhidwe."

"Amayi!"

"Ndanama?"

Chinatsala chimodzi, ndipo ankachidziwa yekha. Jekete yakale ya kuntchito inali itamukanika. Anaimanga m'pepala lapulasitiki n'kuikankhira pansi penipeni pa bini. Akanatha kungoti zonse zachapidwa. Wamakiyi akanapita, galimoto ya zinyalala ikanabwera mawa, adokotala akanagona ndi udokotala wawo.

Anatuluka, n'kugubuduza biniyo pakati pa bwalo. Anafukula ndi manja m'makoko a mazira ndi m'masamba a tiyi mpaka anaipeza. Ataimasula, fungo linalowa m'nyumba osaodira. Apongozi, omwe anali atafika pakhonde, anatseka mphuno ndi mpango.

"Iwe, dokotala amavala zimenezo?"

"Sanali dokotala. Ankakolopa makola. Zaka makumi atatu akuwola ndowe ndi fosholo kuti anthu azijambula zithunzi pabwino. Bodzalo ndi langa, osati lawo."

Amayi anapita kukatenga thumba loyera.

"Ndipita nayo ndekha," anatero mzimeyo.

Kuzuuko anali asanapondeko chiyambire sekondale. Wamakiyi anamudutsitsa njira yakuseri, komwe alendo safikako. Kunali mawilibala, mapaipi a madzi, ndi msomali wopanda kanthu pomwe bambo ake ankapachika zovala. Mabwana anali atatumiza kumaliro nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala, koma jombo za bambo ake zinali pakona, zomatidwa ndi zigamba za chubu. Mtima unamuwira. Kenako anakumbukira kuti iyenso sanawafunsepo kuti amavala chiyani kumapazi.

Madamu anali m'khola la yekha, atakhala pakona, ubweya utathothoka m'mapewa. Mapapaya odulidwa bwino anali m'mbale, ntchentche zikuchita phwando. Mzimeyo atalowetsa mkono wa jeketeyo pakati pa zitsulo, nyaniyo anayandikira, anaununkhiza nthawi yaitali, n'kubwerera pakona pake.

"Basi, zakanika," anatero mzimeyo.

"Dikirani, achemwali. Uyu mano anatha. Amadya mochita kumwaza, ndiye anzake ankamulanda, alendo n'kumamuseka. Ukamuyang'ana sadya. Bambo anu ankakhala pa ndowa iyo atamufulatira, ngati alibe naye ntchito. Ife tayesa, koma misana yathu saidziwa. Ankatiuza kuti wamanyazi osamamuyang'ana, kumangomupatsa msana, koma osachoka."

Mzimeyo anakumbukira tsiku lina pamalo okwerera basi, ali ndi anzake a kusukulu. Anaona bambo ake tsidya lina la msewu atavala jekete yomweyi, ndipo anapemphera kuti asamuone. Iwo anatembenuka n'kuyamba kuwerenga zotsatsa malonda pakhoma. Anawerenga mpaka basi yake itanyamuka. Zaka zonsezi ankati Mulungu anamva pemphero lake.

Anavala jeketeyo pamwamba pa diresi lake lakuda. Inali yolemera, manja ake aatali. Anakokera ndowa pafupi ndi zitsulo, n'kukhala atafulatira khola. Wamakiyi anachoka mwakachetechete, atagwira makiyi kuti asalire.

Panapita nthawi, miyendo mpaka kuchita dzanzi. Kenako anamva mbale ikukhulika pasimenti, ndi kutafuna kwapang'onopang'ono kwa m'kamwa mopanda mano.

Sanacheuke.