Chitambala cha Ba Hafswa

Madzi atasefukira m'Kanyama muno, kolera sinachedwe. Inagwira ba Hafswa Lachiwiri m'mawa, ndipo mwana wawo Mwanajuma anawathamangitsira kuchipatala pa wilibala. Pageti mlonda analandira wodwala yekha, Mwanajuma n'kumubweza.

M'manja mwake munatsala chitambala chobiriwira chimene chinavuka kumutu kwa mayi akewo m'njira. Abale, chinamupweteka mtima koposa n'chimenecho. Ba Hafswa ndi Msilamu, sanatulukepo pakhomo mutu uli pamtunda. Ndipo kwawo mayi akadwala, wowasambitsa ndi kuwafunditsa ndi mwana wamkazi basi. Nanga tsopano akuwavula ndani? Akuwaona ndani?

Mawa lake anabweranso khanda lake lili kumsana, koma geti linali lotsekabe. Ba Magdalene, mnansi wake wogulitsa vitumbuwa pamsewupo, anamukodola.

"Iwe, kuseli kwa mpanda kuli chibowo. Lowa ukawamange chitambala. Ngati uyopa, nipase foni. Niziwa wina wokolopa muwodi, azawajambula tiwone ngati bali moyo."

Mwanajuma anazungulira kuseri. Mwendo umodzi unali utalowa kale pamene anamva mawu.

"Ba mayi, mwanayo ali ndi miyezi ingati?"

Anali nesi wovala magolovesi, dzina lake ba Kasoma, atanyamula ndowa ya madzi a klorini.

"Isanu," anayankha Mwanajuma, misozi ikulengeza. "Nifuna chabe kufunditsa amayi banga. Kapena muwajambuleko chithunzi."

Ba Kasoma anatula ndowa ija. "Mukakhudza bedi lawo, manja omwewo mukayamwitsira mwanayu. Kolera ikagwira khanda silimbana nalo nthawi yaitali. N'chifukwa chake tatseka geti, sikuti ndife ouma mtima."

"Nanga chithunzi?"

"Ayi. Mungakonde amayi anu ali pabedi, ofooka choncho, azizungulira m'mafoni a Kanyama yonse? Ndipo pabedi loyandikana nalo pali mayi a munthu wina. Azimayi ali kumbali kwawo, timakoka makatani, ndipo owasambitsa ndife azimayi anzawo."

Mwanajuma anabweza mwendo uja. Anatambasula chitambala. Nesiyo anachilandira, nati achiviika kaye m'klorini, chikauma awamanga yekha. Analembanso nambala ya Mwanajuma. "Za matenda awo ndiziuza inu nokha, osati aneba, osati wokolopa. Pitani mukasambe m'manja ndi sopo."

Tsiku lonse foni inali m'manja. Ikangolira, mtima wake unkadumpha, poopa kuti ndi uthenga wa maliro. Cha m'ma folo inaliradi.

"Amayi anu ayamba kumwa okha madzi a mchere ndi shuga," anatero ba Kasoma. "Akufunsa ngati mdzukulu wawo ali bwino."

Loweruka geti linatseguka. Ba Hafswa anatuluka pang'onopang'ono, ataonda, koma mutu uli wofundidwa. Klorini anali atachitumbulutsa chitambala chija mpaka kuyera mathothomathotho.

"Tikagula china, amayi," anatero Mwanajuma.

"Ichi sinditaya," anayankha ba Hafswa, akusuzumira khanda kumsana. "Muwodimo palibe mwamuna anaona tsitsi langa, ndipo uyu sanadwale."

Achipatala akatseka geti nthawi ya mliri, musalowere kuseri ndipo musatume munthu kukajambula odwala. Siyani nambala yanu kwa nesi, muuzeni zimene wodwala wanu amafuna, kenako pitani kunyumba mukateteze otsalawo.