Njinga ya Obadiya pa Ukwati wa ku Malomo

Obadiya anabwera kuchokera ku Halale nkhondo ya Ajeremani itangotha. Mudzi wa kwa mkazi wake, kufupi ndi Mtengowanthenga, unalandira zinthu ziwiri zimene unali usanazionepo: njinga yakuda ya belu, ndi mkamwini woyankhula kuposa eni mudzi. Ku Halaleko ankatsuka mbale kwa mzungu wina, koma mmene ankafotokozera, ukadaganiza kuti sitima zinkayamba zamufunsa iye zisananyamuke.

Njingayo inkagona kuchipinda, pamphasa yakeyake. Ntchito yake yaikulu inali kupukutidwa. Lamulungu ndi pamene inkatuluka, kunyamula mwini wake kupita kutchalitchi kumene ankatsogolera nyimbo, mtunda woti nkhuku imapita ndi kubwerako isanamve ludzu.

Kwawo kwa Obadiya kunali ku Malomo, kuseri kwa mapiri a Ntchisi. Chaka chimenecho anthu atatha kukolola, kunabwera uthenga woti Susana, mwana wa mlongo wake Lines, amangitsa ukwati wake mumpingo Loweruka. Obadiya ndiye anali mtsibweni wake, mwini mbumba, woyenera kuimirira ndi kupereka mwanayo pamaso pa anthu.

Mkazi wake Iness anayamba kumanga mitolo.

"Bambo a Reinford," anatero, "tinyamuke mawa pamodzi ndi enawa. Ulendo uja ndi wogona m'njira."

"Kugona m'njira ndi kwa anthu a miyendo," anayankha Obadiya akupukuta belu ndi mpango. "Ine ndinyamuka Loweruka lomwelo mbandakucha. Ndikapereka mwana, ndikadya nyama, dzuwa lisanalowe ndili pano. Ndikapanda kubwera, Lamulungu nyimbo ayambitsa ndani?"

"Zoona, kumwamba angadabwe naye chete ameneyo," anatero Iness. "Koma mapiri aja mwawatumizira mawu kuti mukubwera?"

Obadiya anapitiriza kupukuta belu lake. Anali atawerenga kale mumtima mwake kuti mkazi amene sanaonepo Halale sangamvetse za makina. Iness anabereka mwana, nasenza mtolo, n'kunyamuka ndi abale ena wapansi.

Loweruka tambala atalira, Obadiya anavala jekete yoyera, tayi ndi chipewa, n'kukwera. Poyamba zinthu zinayenda monga ananenera. Dera la kumeneko ndi lachidikha, mphepo ya m'mawa inali kumbuyo kwake, ndipo ankaliza belu ngakhale pamene panalibe woti apatuke. Amayi opita kumadzi ankaima m'mbali, iye n'kuwakwezera chipewa ngati bwana wa ku boma. Anayamba kudandaula kuti mwina afika msanga kwambiri, anthu asanasambe.

Dandaulo limenelo linathetsedwa ndi munga wa mthethe. Tayala la kumbuyo linangoti fuu, n'kugona. Obadiya anatsika mosatekeseka, popeza anali ndi pampu, zigamba ndi kachitini ka zomatira kochokera ku Halale komweko. Atakatsegula anapeza zomatirazo zitauma gwa ngati utomoni wa chaka chatha. Anakayang'ana kachitiniko nthawi yaitali, koma sikanasinthe maganizo. Pomaliza anazula udzu wouma n'kuphatika m'tayalamo, monga anamvera kuti ena amachitira. Njinga inayendanso, koma tsopano mwala uliwonse wa m'njira unkapereka moni kumsana kwake.

Kenako mapiri anayamba. Misewu ya ku Halale anaisalaza ndi anthu. Njira ya kuno inalambulidwa ndi ng'ombe ndi madzi a mvula, ndipo onsewo sanaganizireko za njinga. Obadiya anapalasa mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera, n'kutsika, n'kuyamba kukankha. Akafika pamwamba pa chitunda, ankapeza china chachikulu chikumudikira kutsogolo. Jekete yoyera ija inasanduka yofiira ndi fumbi, tayi ikumukanyanga pakhosi, koma sanaivule. Munthu wopita kukapereka mwana savula tayi chifukwa cha phiri.

Dzuwa lili pamutu, anakumana ndi mkulu wina akutsika ndi mipini ya makasu paphewa. Mkuluyo anaima, nayang'ana munthu, nayang'ana njinga.

"Pepani bambo, chinthu chanuchi chadwala?"

"Ayi, ndi mmene chimayendera pokwera."

"Nanga chimakunyamulani nthawi yanji?"

"Potsika."

"Oo," anatero mkuluyo akugwedeza mutu mwaulemu. "Azungu ndi anzeru ndithu. Kwathu kuno potsika ngakhale dzungu limadziyendera."

Mawu amenewo anamuwawa Obadiya kuposa ntchafu. Choncho atafika pamwamba pa phiri lotsatira, n'kuona njira ikutsetsereka kulowera kudambo, anaganiza zobweza nthawi yonse imene inatayika. Anakwera, nasiya mabuleki. Mphepo inamulanda chipewa, iye osacheuka. Mitengo inkadutsa ngati ikuthawa moto. Kwa kanthawi anamva kukoma kumene ankakulalikira kumudzi kuja, mpaka anayamba kuimba.

Chapansi njira inakhota. Obadiya anafinya mabuleki, kamphira kake kanathothoka n'kuulukira kutchire. Njira inapita kumanzere, njinga inapitiriza kutsogolo, ndipo onse awiri analowa m'chitsamba chachikulu chimene chinawalandira mofewa bwino.

Anadzuka, nadzigwiragwira, napeza kuti palibe fupa lothyoka. Anali atayamba kuthokoza Mulungu pamene anaona nyemba zaubweya zikulendewera pamwamba pa mutu wake. Chinali chitedze, chokhwima bwino, cha nthawi yake.

Kuyabwa kunayambira m'khosi, kunatsikira kumsana, kunafika malo amene mtsogoleri wa nyimbo sangakande pagulu. Tayi imene inapirira mapiri inavulidwa ndi kutayidwa. Jekete ndi malaya zinatsatira. Obadiya anadumphadumpha, nadzikhula pamtengo ngati ng'ombe, akutchula mawu a ku Halale amene sapezeka m'buku la nyimbo.

Mayi wina amene ankatentha mapesi m'munda wapafupi anabwera kudzaona. Anayesetsa kuti asaseke, koma mapewa ake ankamuulula.

"Musakande, bambo, mukuonjezera. Tengani phulusa ili mudzikhule thupi lonse. Zovalazo musazivalenso."

Obadiya anadzipaka phulusa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natsala ndi buluku long'ambika m'mawondo. Kuyabwa kunachepako pang'ono. Njinga nayo inali ndi zake: gudumu la kutsogolo linali litapindika ngati lichero lokhalidwa, losatheka ngakhale kukankha. Kuisiya patchire sakanatha. Anamangirira jekete ndi malaya kumahandulo, nalowetsa mutu pakati pa zitsulo, n'kuisenza pamapewa. Anayenda chotero, belu likulira lokha akaponda, ndipo aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti alifune litakhala chete.

Ku Malomo anthu anali atadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mbusa amene anabwera kudzadalitsa ukwatiwo anali ndi ulendo wina, ndipo pomaliza Elifala, mng'ono wake wa Obadiya, anaimirira n'kupereka mwanayo. Tsopano anthu anali pansi pa mtengo wa mkuyu, akudya ndi kuimba nyimbo za Mulungu.

Mtsikana wina ndiye anayamba kuona. Kuchokera kutchire la kumanda kunkatuluka chinthu chotuwa mbuu, cha nyanga ziwiri zachitsulo, nsanza zikulendewera, chikuyenda motsimphina ndi kudzigwedeza, chikulira ngele ngele.

"Chilombo!" anakuwa.

Akhristu a pamenepo anali atalumbira pamaso pa mpingo kuti za gule anazisiya ndipo sazichitanso mantha. Anaonetsa zimenezo pothawa mofulumira kuposa akunja. Mbale zinagubuduka, amayi analowa m'nyumba za eni. Mkwati, amene anali atangolonjeza kumene kuti sadzamusiya Susana pamtendere ndi pamavuto, anadumpha mpanda yekha. Mlaliki wa pamudzipo anaima nji, buku la nyimbo m'mwamba, akudzudzula Satana, uku akubwerera chafutambuyo.

Iness yekha ndiye sanasunthe. Anapitiriza kuyamwitsa mwana. Belu limenelo ankalimva m'nyumba mwake tsiku lililonse.

"Bwererani, anthuni," anatero. "Ndi eni mbumba afika. Apatseni mpando, ngati angathe kukhala."

Anthu anatuluka mmodzimmodzi. Kuseka kunayamba ndi Elifala, kenako kunagwira bwalo lonse. Lines, mayi wake wa Susana, sanaseke.

"Achimwene," anatero, "alamu anga ndi mwana kumsana anafika dzulo. Mwana wanga waperekedwa ngati alibe mtsibweni."

Obadiya anatsitsa njinga pansi. Anali ndi zambiri zoti anene za munga, za mphira wa masiku ano ndi za boma losakonza njira. Koma Susana anabwera ndi chikho cha madzi, nagwada patsogolo pake m'nsalu yake yaukwati.

"Atsibweni, ndinayang'ana kunjira mpaka maso anawawa," anatero motsitsa mawu. "Komabe mwabwera. Imwani."

Obadiya analandira chikhocho ndi manja awiri. Anamwa, madzi akulemba mizere paphulusa la pachifuwa.

Anakhala ku Malomo mpaka ntchafu zinavomera kuyenda. Anabwerera wapansi pamodzi ndi anthu a miyendo, atavala malaya obwereka kwa Elifala, nagona m'njira. Njinga anaimangirira pamtengo wonyamulira n'kumasinthana ponyamula, ndipo ikamutopetsa wina, ankaitula n'kufunsa mwini wake ngati pafika potsika.

Mbiri inali itawatsogolera. Atangofika, akulu a mpingo anamuitanitsa, chifukwa anamva kuti mtsogoleri wawo wa nyimbo anakavina gule pa ukwati wachikhristu ku Ntchisi. Obadiya anafotokoza zonse, naonetsa zipsera za zikhadabo zake kumsana, koma akuluwo anafunabe mboni. Anaitana Iness.

"Mayi, munalipo. Kodi amuna anu anavina gule?"

Iness anagwada, naganiza kaye.

"Akuluakulu, ine ndinakulira m'mudzi wa gule ndisanabatizidwe. Akanakhala kuti avina choncho, eni dambwe ndiwo akanayamba kuwaimba mlandu."

Akulu a mpingo anayang'anizana, mmodzi akutsokomola m'dzanja, ndipo mlanduwo unathera pomwepo.