Mgolo wa Kabichi wa Mayi Saveta

M'sabata yachitatu ya kusala kudya kwa Pasaka, Mayi Saveta anachita chizungulire ali pakati poimba m'tchalitchi, n'kukhala pansi. Kwa zaka makumi awiri, ndi iwo ankayambitsa nyimbo ya Kuuka kwa Ambuye m'mudzi mwawo. Tsopano mpweya unkawathera pa mzere woyamba, ndipo wansembe anati akapanda kuchira, chaka chino ayambitsa wina.

Pa nyengoyi anthu a mpingo wawo sadya nyama, mazira kapena mkaka. Koma mlamu wawo Veturia anawonjezapo lamulo lake: kusala kwenikweni ndi buledi ndi tiyi basi, nyemba n'za ofooka m'chikhulupiriro. Mayi Saveta anamvera.

Namwino Rodica, mnzawo wa m'kwaya, anawayeza n'kupeza kuti magazi achepa. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwaperekeza kwawo. Atatsikira m'chipinda chapansi chosungiramo zakudya, anapeza matumba a nyemba, kaloti wokwiriridwa mumchenga, maapozi, ndi mgolo wa kabichi wowawasa amene anamusunga mumchere mu Novembala, wosatsegulabe.

"Mayi, mukufa ndi njala mutakhalira nkhokwe?" anatero Rodica akuseka.

Anawafotokozera kuti nyemba zimamanga thupi ndipo zili ndi ayironi wopanga magazi. Kabichiyo azimudya wosaphika pamodzi ndi nyembazo, chifukwa vitamini C wake amathandiza kuti ayironi alowe m'thupi, koma kabichi akawiritsidwa nthawi yaitali vitaminiyo amatha. Tiyi azimwa patapita ola atadya, poti akamwera pa chakudya amatsekereza ayironiyo.

"Ndiye anenepe pa nyengo yolapa?" anafunsa Veturia ali pakhomo.

"Mayi Veturia, Mulungu anayamba wabzala munda, kenako n'kuikamo munthu. Wansembe analetsa nkhumba, sanaletse kabichi," anayankha Rodica.

Mayi Saveta anatsegula mgolo tsiku lomwelo. Veturia ankabwera masana alionse kudzawadzudzula, ndipo ankadzudzula uku akudya nawo mpaka mbale yachiwiri itatha.

M'mawa wa Pasaka, mabelu atalira, Mayi Saveta anakoka mpweya n'kuyamba. Mawu anatuluka athunthu, n'kudzaza tchalitchi mpaka kudenga, ndipo misozi inawatsika osaipukuta. Kumbuyo kwawo wina ankavomera mokweza kuposa onse. Anali Veturia, masaya atanenepa.

Phunziro: Kusala kudya si kuzunza thupi limene Mulungu anakupatsani kuti mumutamande nalo. Mukasiya nyama, musasiye nyemba, masamba ndi zipatso.