Wotchi ya M'kanyumba ka Wayilesi

Amuna anga anatuluka m'chipatala ali ndi chipsera pakhosi, mawu atawasiya komweko. Madokotala anachotsa chotupa, moyo unapulumuka, koma munthu amene ankalankhula ngati akulipidwa anabwera kunyumba ndi kabuku ndi pensulo m'thumba la malaya. Sindinama, sabata yoyamba makutu anga anapumako. Yachiwiri ndinayamba kumalira ndekha pa makina anga osokera.

Iwo chinkawadya kwambiri chinali kanyumba kawo kakuseri. Mmenemo muli wayilesi, osati yomvera nyimbo, koma yolankhulirana ndi anthu akutali, ya mlongoti wautali umene ananditengera nawo malo oyanikira zovala. Kwa zaka makumi awiri, Loweruka lililonse seveni koloko m'mawa, ankacheza ndi mnzawo wa kutsidya kwa nyanja amene sanaonanepo naye maso ndi maso. Pakhomo pano timangoti Wakutsidya. Nkhani zawo zinali za mvula, mawaya ndi nyamakazi, basi.

Wakutsidya atalandira kalata yonena za khosilo, anayankha kuti njira ilipo. Umalumikiza kompyuta ku wayilesi, iwe n'kumalemba, wayilesi n'kumaliza kalikhweru, kompyuta ya mnzako n'kusandutsanso kalikhweruko kukhala malemba. Anati azidikira Loweruka lililonse, nthawi yomwe ija.

Apa ndi pomwe nyumba yanga inagwa m'manja mwa akatswiri awiri. Woyamba anali mkamwini wathu, wogwira ntchito muofesi, amene anabwera ndi laputopu yonyezimira ya Windozi. Wachiwiri anali achimwene anga, okonza mafoni ndi makompyuta pamsika, amene anakoka pansi pa shelefu chikompyuta chakale chafumbi n'kuikamo Linakisi m'malo mwa Windozi.

"Bambo akufunika chinthu chongodina," anatero mkamwini. "Apa mwaona kachithunzi, mwadina, zatheka. Mapulogalamu ambiri a wayilesi amawapangira imeneyi."

"Kudina ngakhale nkhuku imatha," anayankha achimwene. "Yangayi ndi yaulere, akamwini, ndipo imayenda bwinobwino pa chinthu chimene inu mukanataya kudzala. Alamu anga ndi munthu wa mawaya. Amakonda chinthu choti atsegule, aone m'mimba mwake."

"Amalume, munthu wodwala mukufuna kumuloweza malamulo olemba pa sikirini yakuda ngati akulemba mayeso?"

"Wadwala khosi, osati mutu!"

Amuna anga anangolemba m'kabuku kuti ZONSE ZIWIRI, n'kuloza pathebulo. Motero anagawa waya wochokera ku wayilesi, wina uku wina uku, makompyuta awiri n'kukhala moyandikana ngati akazi a mitala.

Loweruka loyamba kalikhweru kanamveka ndithu, umboni woti Wakutsidya alipo, koma malemba osatuluka, kwa mkamwini kapena kwa achimwene. Aliyense anati ya mnzake ndiyo ikusokoneza. Loweruka lachiwiri anayesa imodziimodzi, zomwezo. Anasintha mawaya, anafufuta, anaikanso, anandimalizira masamba a tiyi. Masana a tsiku limenelo ndinapeza amuna anga ataphimba wayilesi ndi nsalu ya pathebulo. Anandipatsa kapepala kolembedwa kuti, "Zikakanikanso Loweruka likubwerali, tigulitse." Mlongoti uja ndakhala ndikuunyoza zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ndinachita mantha.

Loweruka lachitatu ndinalowa ndi thireyi kutatsala pang'ono kukwana seveni. Mkamwini anali ndi mapepala amene anasindikiza kuofesi, akuwerenga mokweza.

"Akuti makompyuta a mbali zonse ziwiri amalandizana mpata, wina kutumiza wina kumvetsera. Nthawi ikasiyana ngakhale ndi masekondi ochepa, palibe chimatuluka."

"Zimenezo tinathana nazo kale," anatero achimwene. "Zonse ziwiri tinatchera ndi wotchi ya alamu angayi, mpaka kamuvi ka masekondi."

Amuna anga anagwedeza mutu monyadira, akuloza wotchi yapakhoma. M'kanyumbamo intaneti mulibe, ndipo foni salola kuti ilowe, ati imabweretsa phokoso mu wayilesi. Aliyense amasiya yake m'kadengu pakhonde. Wotchi imeneyo ndiyo bwana wa mmenemo, ndipo eni ake amalumbira kuti sinanamepo.

Ndinaika thireyi pansi.

"Wotchiyo," ndinatero, mawu ali pang'onopang'ono, "imafulumira."

Onse atatu ananditembenukira.

"Ndi mphindi khumi. Kapena khumi ndi kanthu, ndimangokankha ndi chala. Nthawi iliyonse ndikasintha batire."

"Achemwali, kuyambira liti?"

"Kuyambira ukwati wa mwana wa aneba uja tinakapeza anthu akutuluka m'tchalitchi. Munthu akalowa muno satuluka, ndiye ndikanatani?"

Amuna anga anatsegula pakamwa, anatsekanso. Anatenga pensulo, analemba mothamanga mpaka nsonga kuthyoka. Anandionetsa: "Zaka zonsezi ndakhala ndikumunena mnzanga kuti ndi wochedwa!" Manyazi anandigwira, komanso kuseka kunandigwira, ndipo kuseka ndiko kunapambana. Mkamwini anayesetsa kudzigwira chifukwa cha ulemu wa kwa apongozi, mpaka anatuluka panja ngati akutsokomola. Anabwerera ndi foni m'manja, ataima pakhomo.

"Bambo, ingalowe? Kamphindi kokha."

Amuna anga anaikodola ndi dzanja ngati akulowetsa wamisonkho.

Pamenepo ndinaonera mpikisano weniweni. Mkamwini anadina apa, anadina apo, anatsegula kawindo ka nthawi. Achimwene analemba mzere umodzi pa sikirini yawo yakuda, chala chili m'mwamba kudikira. Foni itati seveni ndendende, onse awiri anagogoda. Kalikhweru kanalira, kanatha, ndipo malemba anatuluka uku ndi uku.

"Yanga yayamba!" anakuwa achimwene.

"Amalume, zatulukira limodzi. Amayi ndi mboni."

Ndinali mboni ndithu. Kwa ine kusiyana kwake kunali kwa makina osokera amagetsi ndi opalasa, wina mtima wake uli uku wina uku, koma msoko ndi womwewo. Amuna anga sanasamale za mlanduwo. Anakokera kiyibodi ya chikompyuta chakale chifukwa mabatani ake ndi akuluakulu, koma powerenga ankayang'ana pa laputopu chifukwa malemba ake ndi owala. Akatswiri onse awiri anaona kuti apambana, ndipo mpaka lero palibe amene anachotsa yake.

Ndi chala chimodzi analemba dzina lawo la pa wayilesi, kenako, "Ndine. Pepani, mawu anga simudzawamvanso."

Yankho la njira imeneyi silithamanga. Limabwera kachidutswa, liime, libwerenso kachidutswa. Tonse anayi tinaunjikana, mitu pamodzi. Magalasi a amuna anga anachita nthunzi, ndiye anandigwira mkono kuti ndiwawerengere.

"Mnzanga, nanenso ndili ndi mlandu," ndinawerenga. "Makutu anga anatha zaka zitatu zapitazo. Ndinkangoyang'ana kasingano ka pa wayilesi. Kakamagwedezeka, ndiye kuti mukulankhula. Kakaima, ndinkati eya, zoonadi, n'kuyamba zanga."

Achimwene anagwira pakamwa. Kalikhweru kanaliranso.

"Ndinkaopa kuti mukadziwa musiya kubwera. Lero ndi tsiku loyamba kukumvani bwinobwino. Zonse munandiuza zaka zitatuzi, bwerezani."

Mapewa a amuna anga anayamba kugwedezeka. Kuseka kwawo masiku ano kulibe phokoso, kumangotuluka mpweya, moti sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sankadziwa. Anamenya thebulo kawiri, anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. Ine mtima wanga unakhala m'malo koyamba chitulukireni m'chipatala.

Ndinakankhira akatswiri anga panja kuti akapitirize mkangano wawo pakhonde. Nditabwerera, ndinapeza amuna anga atasendeza mpando pafupi, chala chili pa batani, akufunafuna chilembo. Ndinawerenga pamwamba pa phewa lawo.

"Zaka zitatu ndi zambiri," analemba. "Khalani pansi."