Timamita ta Noah

Rosemary anali akukwecha miphika imene anabwereka pamaliro a mchimwene wake Noah pamene foni inalira. Anaigwira ndi manja aphulusa. Anali Grace, msuweni wake wa ku Chileka, woyandikana nyumba ndi malemuyo.

"Achemwali, ine sindikunena kanthu," anatero Grace. "Koma kwa alamu anu a Sikina kukumalowa bambo wina. Dzulo, leronso. Akumakakhala kuchipinda chija a Noah ankagwiriramo ntchito."

"Nkhata sizinafote n'komwe kumanda!"

"Ine ndangoona."

Rosemary anasiya miphika ili ndi thovu. Loweruka abale anali oti akumana kwawo ku Lirangwe kuti akambe za Sikina, ndipo mawu a iye, mlongo wamkulu, ndiwo akanalemera. Mu minibasi yopita ku Chileka anayesa kupemphera, koma mtima unkangobwerera ku kompyuta yake yakale imene ankaphunzitsira ana kusukulu. Noah anaibwereka dzinja lathali, osaibweza. Akafunsa, Sikina ndiye ankayankha kuti ikugwira ntchito. Ntchito yanji? Mwina anaigulitsa kalekale.

Anapeza chitseko chili pululu. Sikina anali pamkeka, pakhomo pa chipinda chija, mpango wakuda kumutu. M'katimo munali bambo wamagalasi, atakhala pampando wa Noah.

"Alamu, bwanji osaimba? Tikanakuchingamirani."

"Kuti mubise alendo?" anatero Rosemary mokweza, mpaka mawu anakafika kuseri kwa mpanda. "Mwayamba kale?"

Sikina anagwetsa nkhope. Bamboyo anaimirira.

"Ndine Howard, mayi. Tinkagwira ntchito limodzi ndi malemu."

"Ntchito yake ya kuchipinda?"

"Ya iyi."

Analoza pansi pa tebulo. Kompyuta ya Rosemary inali pomwepo, pa chitenje chopindidwa bwino, ikulira pang'onopang'ono.

"Mu ubongo wa kompyuta muli timamita, ngati mita ya magetsi," anatero Howard. "Timawerenga kuti makina agwira kangati, achedwa pati. Koma pulogalamu singatiwerenge payokha. Imafunsa kwa kenelo, mtima wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. A Noah ankakonza njira yofunsirayo. Anzathu akunja ankafuna kuti izigwira pa makina atsopano okha. Iwo anakana. Anati kwathu ana amaphunzirira pa makina otha, ndipo ngati sitiona pomwe akuchedwera, tiwafulumizitsa bwanji? Anawauza kuti ikakana pa kompyuta ya achemwali anga, ndiye kuti sinathe."

Ndege inadutsa pamwamba, malata ananjenjemera. Rosemary anadikira kuti phokoso lithe.

"Nanga inu mukufunamo chiyani muno, mwini wake kulibe?"

"Ndinawaitana ndine," anatero Sikina. "Tsiku lopita kuchipatala a Noah anandigwira dzanja. Anati kompyutayi ndisaizimitse, ikuyesa zimene analembazo, ikamaliza ndikakupatseni inu. Ine kumaliza kwake sindikudziwa kuti kumaoneka bwanji, alamu. Ndakhala ndikungoipukuta fumbi. Magetsi akathima ndimazimitsa zonse m'nyumba kuti batire isaithere."

"Dzulo inali isanamalize," anatero Howard. "Lero yamaliza. Njira ya a Noah yagwira. Ndangotsala kuwauza anzathu aja, ndi kuwauzanso kuti munthu wake anatisiya."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shati, nthawi yaitali.

Rosemary anagwada pafupi ndi tebulo. Anagwira kompyutayo, inali yofunda. Kenako anaona mabatani olembera. Limodzi linathothoka kale, ana ankachita kubaya pamalopo ndi pensulo. Tsopano panali lina, loyera pakati pa akuda, lolowetsedwa mosamala. Noah sananenepo chilichonse.

Anakhala chigwadire. Pawindo anaona mutu wa Grace ukusuzumira pamwamba pa mpanda, ndi mitu ina iwiri pambali pake.

Anadzuka, anagwira Sikina dzanja, natuluka naye mpaka pakhonde, poonekera. Pamenepo anagwadanso, pasimenti.

"Alamu, dzukani, anthu akuona," ananong'ona Sikina.

"Aone. Loweruka mukakhala pafupi ndi ine." Kenako Rosemary anakweza mawu ngati poyamba paja. "Ndakunyozani anthu akumva, ndiye amvenso izi. Alamu anga, ndakulakwirani. Ndikhululukireni."